Mungu Sudziwa Mpanda: Anthu Amene Sanaitanidwe ku Misonkhano ya Mbewu ku Mashonaland

Aliyense amene anachulukitsapo mbewu ya chimanga cha haibulidi amadziwa kuti thukuta la chaka chonse limagona pa masabata awiri kapena atatu okha, nthawi imene chimanga chikumasula. Ngayaye iliyonse ya m'mizere yaikazi iyenera kuzulidwa isanayambe kuwaza mungu, ndipo munda uyenera kuyenderedwa tsiku ndi tsiku, kaya kukugwa mvula, kaya ndi Lamulungu, kaya ndi pa Khirisimasi. Ngayaye imodzi yokha imatulutsa mungu wosawerengeka, ndipo mphepo imaunyamula osafunsa kuti munda uno ndi wa yani. Ngayaye zochepa zikatsalira m'mizere, kapena chimanga cha mnansi chikamasulira limodzi ndi chanu pamtunda wosakwanira, woyendera minda ali ndi mphamvu yokana munda wonsewo. Mbewu imene ikanalowa m'mapaketi imakathera ku chigayo.

Pali anthu awiri tsono amene mayina awo sapezeka pa kontirakiti ya kampani ndi mlimi, chikhalirecho tsogolo la kontirakitiyo lili m'manja mwawo: wozula ngayaye, ndi mnansi wolima tsidya la mpanda. Ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, kumene ntchito yochulukitsa mbewu ya haibulidi inakhazikika kale kwambiri, mbiri ya anthu awiriwa ndi yoyenera kuimva. Ndi yoyenera makamaka kwa ife olankhula Chichewa, chifukwa ambiri mwa ozula ngayayewo anali abale athu.

Bungwe limene linkamvera eni ake

Mu 1932 Harry Arnold anayamba ntchito yopanga chimanga cha haibulidi pa malo ofufuzira a boma ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Pambuyo pake ntchitoyo inapitirira m'manja mwa Alan Rattray. Mu 1940 alimi a mafamu akuluakulu anakhazikitsa bungwe la Seed Maize Association kuti mbewu zotuluka ku kafukufuku zizichulukitsidwa mwadongosolo. Mtundu woyamba wa haibulidi, SR1, unatuluka mu 1949, ndipo mu 1960 kunatuluka SR52, chimanga cha makolo awiri okha chimene chinatchuka mpaka ku Malawi ndi ku Zambia. Pa nthawiyo akatswiri ambiri a maiko ena ankakayikira zoti mbewu ya makolo awiri ingapangidwe mopindulitsa, popeza kholo lalikazi limabereka pang'ono. Alimi a m'zigwa za Mazowe ndi Enterprise anaonetsa kuti n'zotheka.

Chinawathandiza ndi chiyani? Dothi lofiira ndi mvula yokwanira zinalipo ndithu. Koma chachikulu chinali kakhalidwe ka bungwelo. Ochulukitsa mbewu ndiwo anali eni ake. Wofufuza wa boma, mlimi wochulukitsa ndi mlimi wogula ankadziwana, ankakumana pa zionetsero za m'minda, ndipo dandaulo la mlimi pa mbewu yosamera bwino linkafika kwa wofufuza nyengo yomweyo. Mu 1970 ubale umenewu unalembedwa pa pepala. Boma, bungwe la ochulukitsa mbewu ndi bungwe la alimi a mafamu akuluakulu anagwirizana kuti makolo a haibulidi opangidwa ndi boma aziperekedwa kwa ochulukitsawo okha. Iwonso anayenera kupanga mbewu yokwanira dziko, kusunga ina yapadera yodikira chaka choipa, ndi kukambirana mtengo ndi oimira alimi ogula. Mu 1973 bungwelo linakhala ndi malo akeake ofufuzira, Rattray Arnold Research Station, kunja kwa Harare. Mu 1983 linaphatikizana ndi bungwe la ochulukitsa mbewu za mitundu ina n'kukhala Seed Co-op, imene mu 1996 inalowa pa msika wa masheya ndi dzina loti Seed Co.

Tiyenera kunena chilungamo: pa nkhani yomvera anthu amene ali pa tebulo, bungweli linali chitsanzo. Palibe mtengo umene unkaikidwa ogula osamvedwa, ndipo palibe mtundu wa chimanga umene unkatulutsidwa ochulukitsa osauona m'munda. Mabungwe ambiri a mbewu a masiku ano sanafikebe pamenepo. Funso lagona pa amene anaitanidwa ku tebulolo. Lamulo logawa malo la 1930 linali litapereka kale nthaka yabwino ya ku Mashonaland kwa azungu, choncho mawu oti "alimi" pa misonkhano imeneyi ankatanthauza gulu laling'ono la anthu a khungu limodzi.

Kuseri kwa nyumba ya bwana

Famu iliyonse ya ku Banket, Trelawney, Bindura, Shamva, Mvurwi kapena Karoi inali ndi komboni yake, mudzi wa antchito umene unkamangidwa kuseri, kosaonekera pamsewu. Anthu a kumeneko ankati mafamuwo ndi mapulazi. Ambiri mwa okhala m'makomboni anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Oyamba anayenda wapansi kudutsa ku Tete n'kuoloka Zambezi. Otsatira anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. M'zaka za m'ma 1950 antchito a m'mafamu oposa theka anali ochokera kunja kwa dzikolo. Akuluakulu a boma ankawayesa alendo, ndipo paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame awa sanakamuke. Anthu anakwatira, anabala, anaika maliro komweko, ndipo kumudzi anatchedwa matchona. Anamanga mizikiti ndi matchalitchi, moti mpaka lero mpingo wa CCAP uli ndi sinodi ya Harare. Gule Wamkulu anavinidwa m'makomboni, ndipo Ashona anamutcha Zvigure.

Anthu amenewa ndiwo ankalowa m'mizere ya SR52 mame asanakamuke. Kuzula ngayaye kumaoneka ngati ntchito wamba kwa amene sanaigwirepo. Dzanja liyenera kudziwa kukoka ngayaye yonse osasiya kanthambi kamene kadzawaze mungu mawa, komanso osazula masamba ambiri ofunika kudyetsa chitsononkho. Diso liyenera kuzindikira phesi lachilendo pakati pa anzake, lotalika mopitirira kapena la masamba osiyana, n'kulichotsa lisanamasule. Liyeneranso kuona ngayaye yobisika pa mphukira ya m'munsi. Kapitawo wa zaka makumi awiri pa famu yambewu ankadziwa mbali imene mphepo imachokera mu Januwale, ndi chigawo cha munda chimene chimafulumira kumasula. Nzeru imeneyi inali chuma cha bungwe, koma panalibe msonkhano umene inkafunsidwa.

Malamulo nawo anali mbali imodzi. Mpaka chakumapeto kwa ulamuliro wa azungu, antchito a m'mafamu ankalamulidwa ndi lamulo lakale la mabwana ndi antchito awo, lotchedwa Masters and Servants Act, ndipo anasiyidwa kunja kwa malamulo olola antchito a m'mafakitale kukambirana malipiro. Nyumba, madzi, chakudya, ngongole ya ku sitolo, sukulu ya ana, ngakhale mlandu wa mwamuna ndi mkazi wake, zonse zinkathera pa khonde la mwini famu. Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mafamu a ku Hurungwe n'kulemba buku lotchedwa Working on the Margins mu 2001, anati umenewu unali ulamuliro wa pakhomo: famu inkayendetsedwa ngati banja limene bambo ake safunsidwa. Analipo mabwana achifundo ndipo analipo ankhanza, koma kwa onse awiri wantchito ankapempha, sankakambirana.

Ufulu wa 1980 unabweretsa makomiti a antchito, malipiro ochepetsetsa oikidwa ndi boma, ndi bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ. Koma pa nkhani ya chitukuko cha dera, makomboni anatsalirabe. Mu 1984 boma linakhazikitsa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'mawodi m'madera a mafumu, koma dongosololi silinalowe m'mafamu. Kumeneko makhonsolo ankasankhidwa ndi olipira msonkho wa malo, kutanthauza eni mafamu. Ngakhale pamene makhonsolo a m'mafamu ndi a m'madera a mafumu anaphatikizidwa mu 1993, wantchito wa pafamu anadikirabe mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti aloledwe kusankha khansala. Munthu ankatha kuvotera pulezidenti wa dziko koma osatha kuvotera amene akuyang'anira msewu ndi chipatala cha dera lake.

Oyesa kutsegula khomo analipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Bindura kunayamba ntchito yophunzitsa anthu a m'makomboni, makamaka amayi, kuti azisamalira zaumoyo pa famu yawo, mothandizidwa ndi Save the Children. M'zaka za m'ma 1990 mabungwe monga Farm Community Trust of Zimbabwe analimbikitsa makomiti a chitukuko a pafamu, oti azikambirana za zimbudzi, mijigo ndi sukulu za mkaka. Ntchitoyi inapulumutsa ana ambiri. Chofooka chake chinali chakuti komiti iliyonse inkakhalapo mwa chilolezo cha mwini malo, ndipo nkhani zimene inkaloledwa kukamba zinali za kukomboni zokha. Za kumunda, kumene kunali ndalama, zinakhalabe za ku ofesi.

Wogula amene anamvedwa mwamwayi

Mlimi wamng'ono wa m'madera a mafumu naye sanali pa tebulo, koma mbiri yake inayenda mosiyana. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wake mu 1965, maiko anatseka misika ya fodya, ndipo alimi achizungu a m'madera a mchenga ndi a mvula yochepa anafuna chimanga chocha msanga choti chilowe m'malo mwa fodyayo. Ofufuza anawamvera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anatulutsa R200, R201 ndi R215, mitundu ya makolo atatu. Zinangochitika kuti dothi ndi mvula ya alimi amenewa zinali zofanana ndi za kumadera kumene anthu akuda anakankhidwira. Ufulu utabwera, misika ya Grain Marketing Board, ngongole ndi alangizi zitafika kumidzi, mbewu yoyenera inali ilipo kale. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 alimi ang'onoang'ono anali akugulitsa chimanga chochuluka kwambiri ku bungwe la boma, ndipo pafupifupi onse ankabzala haibulidi.

Ku Malawi mwayi wotere sunagwe. Mitundu ya haibulidi imene inalipo inali ya chimanga chofewa, choyenera chigayo cha kampani. Amayi akachiika mumtondo chinkaphwanyika, mphale inkachepa, gaga n'kuchuluka, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza msanga. Kwa zaka zambiri alangizi ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani alimi akukakamira chimanga cha makolo, pamene yankho linali pamtondo. Zinthu zinasintha mu 1990 pamene ofufuza a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu yolimbirapo imene imakonoleka. Nzeru yopangira chimanga chotere sinali yobisika. Chimene chinachedwa ndi kufunsa munthu amene amakonola.

Kuchokera ku phunziro lomweli, njira yoyesera mbewu yotchedwa ya mayi ndi mwana, imene Sieglinde Snapp anaiyambitsa ku Malawi m'zaka za m'ma 1990, inatengedwa ndi ofufuza a CIMMYT ku Harare. Munda umodzi waukulu wokhala ndi mitundu yonse umayang'aniridwa ndi ofufuza kapena alangizi, ndipo alimi ozungulira amatenga mitundu yochepa aliyense n'kuilima m'minda yawo, mwa njira yawo, kenako amanena zimene aona. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mawu a mlimi amalembedwa n'kuwerengedwa posankha mtundu woti utulutsidwe. Makampani ambiri a mbewu anaphunzira kumvera wogula mwa njira zotere. Kumvera mnansi ndi wantchito ndiko kunatsalira.

Pamene mpanda unagwa

Chisanafike chaka cha 2000, dziko la Zimbabwe linali ndi mafamu akuluakulu pafupifupi 4,500 ndi antchito oposa 300,000. Pa famu ya mahekitala chikwi kapena kuposerapo, nkhani yotalikitsa munda wa mbewu ndi chimanga china inali yosavuta. Malamulo amafuna mtunda wa mamita mazana angapo, ndipo mwini famu ankangoloza pa mapu: apa mbewu, apa fodya, apa msipu wa ng'ombe. Mnansi anali kutali, ndipo ngati panali vuto, linkatha pa foni pakati pa anthu awiri a bungwe limodzi. Wantchito wofuna kadimba ka chimanga kuseri kwa komboni ankauzidwa pobzala ndi posabzala.

Kugawanso malo kumene kunayamba mu 2000 kunasintha mapu onsewo. Mafamu anaduladulidwa kukhala minda ing'onoing'ono ya A1 ndi minda yokulirapo ya A2. Ochulukitsa mbewu ambiri akale anachoka, mbewu inasowa kwa zaka zingapo, ndipo makampani anayamba kudalira minda ya m'maiko oyandikana nawo kwinaku akuphunzitsa ochulukitsa atsopano. Ochulukitsawo anachuluka, minda yawo inachepa, ndipo mtunda umene kale unali mkati mwa famu imodzi tsopano unayamba kudutsa m'minda ya mabanja asanu kapena khumi, lililonse ndi ufulu wobzala chimanga chimene likufuna pa tsiku limene likufuna.

Kwa anthu a m'makomboni zaka zimenezi zinali zowawa. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa 2003 anapeza kuti mwa antchito 100 alionse a m'mafamu, amene analandira malo sanafike asanu. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira m'dzikomo, koma a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, opanda ziphaso zokwanira, ndipo zinatengera malamulo aakulu a dziko a 2013 kuti unzika wawo uzindikirikenso. Ena anapita ku migodi ya golide, ena m'matauni, ena anabwerera ku midzi imene anali asanaionepo. Koma ambiri anatsala m'makomboni momwemo. Ian Scoones ndi anzake, amene akhala akufufuza ku Mvurwi, anapeza anthuwa akugwira ganyu, amene kumeneko amati maricho, kwa alimi atsopano a fodya, akugulitsa luso lawo lopsereza ndi kusankha fodya, ndiponso akulima timinda tawo tating'ono.

Apa ndi pamene wochulukitsa mbewu ayenera kutchera khutu. Anthu awiri aja, wozula ngayaye ndi mnansi wa tsidya la mpanda, tsopano kawirikawiri ndi munthu mmodzi. Mayi amene mukumufuna m'mizere yanu m'mawa ndi yemweyo amene kamunda kake ka chimanga kali pamtunda woti mungu ungafike. Ndi yemweyonso amene mu Novembala analowa m'sitolo ya wogulitsa zipangizo zaulimi kukagula kapaketi ka makilogalamu awiri. Salinso womangidwa ku famu imodzi. Akaona kuti mlimi wa fodya akulipira bwino kapena msanga, amapita kumeneko, ndipo nthawi yothyola fodya imagundana ndi nthawi yozula ngayaye.

Msonkhano umene uli ndi choti ugamule

Mabungwe ambiri akamva zoti azimvera anthu a m'dera amaitanitsa msonkhano, kugula zakumwa, kulemba mayina a ofika, kujambula zithunzi, n'kuwauza anthu zimene zagamulidwa kale. Anthu a m'makomboni ndi a m'minda ya A1 anaona misonkhano yotere yambiri, ndipo amadziwa kuwomba m'manja mwaulemu n'kukachita zawo. Pa nkhani ya mbewu, mwamwayi, pali zinthu zenizeni zoti zigamulidwe, ndipo zonse zili ndi mtengo wake.

Tengani nkhani ya tsiku lobzala. Pamene mtunda sukukwanira, njira yodziwika ndi kusiyanitsa nthawi, kuti munda wa mbewu ndi wa mnansi zisamasulire limodzi, ndipo pamafunika pafupifupi mwezi wathunthu. Pa pepala n'zosavuta. Koma kuuza mlimi wodalira mvula kuti adikire mwezi mvula yoyamba itagwa ndi kumuuza kuti ataye gawo la zokolola zake chifukwa cha phindu la munthu wina. Sadzavomera, ndipo akavomera pamaso pa mfumu adzabzala usiku. Amene ali ndi mthirira ndiye angathe kusuntha tsiku lake n'kubzala msanga mvula isanayambe. Nzeru yotereyi imatuluka pokhapokha onse awiri atakhala pansi mu Ogasiti kapena Seputembala, mbewu isanagulidwe. Mu Januwale chimanga chitamasula, chotsala ndi kukangana kapena kulipira mnansi kuti adule munda wake, ndipo munthu amene anadulapo chimanga chake chili ndi ana sakuiwalani.

Njira ina imene ochulukitsa amagwiritsa ntchito ndi kupatsa anansi mbewu ya kholo lalimuna kuti abzale, kotero kuti mungu wochokera kwa iwo usakhale wachilendo. Makampani ena saikonda chifukwa makolo a haibulidi ndi chinsinsi chawo, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka. Koma palinso mbali ya mnansi imene siikambidwa kawirikawiri: pa haibulidi ya makolo atatu, kholo lalimuna ndi chimanga chofooka, chobereka pang'ono. Kumupatsa mnansi mbewu yotere mwaulere si mphatso. Ngati palibe pangano lomubwezera matumba amene ataye, mwamudyera masuku pamutu, ndipo chaka chamawa adzabzala zake. Kwina anansi amavomera kubzala soya, mtedza kapena nyemba m'mbali mwa munda wa mbewu ngati awathandiza ndi mbewu ndi msika. Kwina njira yabwino ndi kuwalowetsa anansiwo m'gulu la ochulukitsa, kuti dera lonse lilime mtundu umodzi. Kusankha pakati pa njira zimenezi si ntchito yoti ithere mu ofesi ku Harare, ku Lilongwe kapena ku Lusaka, chifukwa yankho limadalira amene ali ndi ng'ombe, amene ali ndi madzi, ndi amene anayambana ndi yani chaka chatha.

Nkhani ya malipiro a ozula ngayaye ndi chimodzimodzi. Kulipira pa mzere kumafulumizitsa ntchito koma kumasiya ngayaye zoduka. Kulipira pa tsiku kumachedwetsa. Kulonjeza ndalama yowonjezera munda ukavomerezedwa kumathandiza pokhapokha ngati anthu akukhulupirira kuti idzaperekedwa. Amene amadziwa bwino njira yoyenera pa famu inayake ndi ozulawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi, amene pa msonkhano wa bwalo amakhala kumbuyo osayankhula. Wofuna kumva maganizo awo awafunse paokha. Afunsenso za masiku amene anthu sangabwere. Maliro akagwa m'komboni, aliyense amapita kumaliro, ndipo ngayaye sizidikira. Wochulukitsa amene amadziwana ndi akuluakulu a komboni amapeza anthu ochepa oti ayendere munda tsiku limenelo. Amene amangotumiza thirakitala kukatenga aganyu amapeza thirakitala ikubwerera yopanda munthu.

Oitanidwa nawonso ndi nkhani. M'madera ogawidwa a ku Mashonaland muli mafumu ndi masabhuku, makomiti a anthu asanu ndi awiri a m'minda ya A1, makhansala ndi alangizi a Agritex. Onsewa ndi ofunika, koma kawirikawiri amaimira amene analandira malo. Munthu wa m'komboni, amene kukhala kwake pa malopo kumadalira chifundo cha mwini munda watsopano, sangatsutse poyera pa msonkhano wotere. Mawu ake amadutsa mwa akulu a mpingo, a mzikiti, a kudambwe, ndi a magulu othandizana pa maliro. Chiyankhulo nacho chili ndi gawo lake. Ana ndi zidzukulu za matchona amayankhula Chishona bwino lomwe, koma okalamba ambiri, amene ndiwo anazula ngayaye za SR52, amamasuka m'Chichewa. Malamulo aakulu a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka za dziko la Zimbabwe. Kampani imene ili ndi antchito ku Malawi ndi ku Zambia singasowe munthu mmodzi wotha kulonjera agogo amenewa m'chilankhulo chawo.

Inu ogulitsa zipangizo zaulimi mwina mukuona ngati zonsezi n'za kumunda. Koma mungu wachilendo uli ndi khalidwe loipa. Ukachokera ku chimanga chachikasu umadziulula, chifukwa maso achikasu amaoneka pa chitsononkho choyera ndipo amachotsedwa posankha. Ukachokera ku chimanga choyera, kapena ku ngayaye yaikazi yotsalira, palibe diso limene lingauone. Mbewu imapakidwa mankhwala, imalowa m'paketi, imameranso bwino. Vuto limadzaonekera m'munda wa wogula, mapesi ena atatalika ena atafupika, ena osabereka. Pamenepo mlimi sapita kwa wochulukitsa, amene sakumudziwa n'komwe. Amabwera pa kauntala yanu n'kunena kuti munamugulitsa mbewu yachinyengo. Inu ndinu oyamba kumva dandaulo, ndipo muli ndi nambala ya gulu la mbewu imene ili pa paketi. Ogulitsa ochepa okha ndi amene amalemba madandaulo otere pamodzi ndi nambalazo, ndipo makampani ochepa okha ndi amene amawafunsa. Bungwe lakale lija linkalimba chifukwa dandaulo la wogula linkafika kwa wofufuza nyengo yomweyo. Lero msewu umenewo umadutsa m'sitolo yanu, ndipo pa misonkhano imene imagamula za mitundu ndi kukula kwa mapaketi, mpando wa wogulitsa wa kumudzi nthawi zambiri sukhalapo.

Chilipo chimene mabungwe a makampani a mbewu angachite osadikira lamulo latsopano. Polembetsa munda wa mbewu ku ofesi yovomereza mbewu, monga Seed Services Institute ku Zimbabwe, wochulukitsa amatchula kale malo, kukula kwa munda ndi mtundu umene abzale. Kampani ingathe kufuna pepala lina limodzi isanapereke makolo a haibulidi: mayina a onse olima mkati mwa mtunda wofunikawo, kuphatikizapo a timinda ta kukomboni, chimene aliyense wanena kuti abzala ndi tsiku lake, chimene walonjezedwa ngati wasintha dongosolo lake, ndi munthu amene mbali zonse zamuvomereza kuti adzaweruze pakadzabuka kusamvana. Mlangizi wa kampani amene amayendera minda angalitenge pepalalo pa ulendo wake woyamba, ndipo pa ulendo wa nthawi yomasula angaime kaye kwa anansiwo asanalowe m'mizere.